Adona Sakulowa M'bokosi

Lolemba, 3 Juni

Titatu tinanso tafa. Ndatipeza m'mawa pakona ya bokosi, tozizira, kukamwa yasa. Mwa sikisi tatsala tiwiri.

Kachiwiri aka. Ulendo woyamba, mu Epulo, tonse tisanu tinatha psiti sabata isanakwane. Ndinati mimba yoyamba, ngakhale anthu amasokonezeka nayo. Ndinamukhululukira. Lero ayi.

Kalulu ameneyu ndi mfiti. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Ntchito kukhala pamwamba pa bokosi, miyendo atapinda, kutafuna kabichi ngati palibe chachitika. Ana akulira pansi pake, iye akudzinyambita. Bambo a m'nyumba muno anamutcha Adona chifukwa cha kakhalidwe komweko. Pa zonse zimene ayankhula chaka chino, chanzeru ndi chokhacho.

Ine zaka 32 ku matenite. Manja awa alandira ana osawerengeka. Kumsika sindidutsa mabenchi atatu osamva wina akukuwa, “Azamba, mwana wanu uja ali ku koleji!” Lero ndikugonja kwa tiana ta kalulu. Ine!

Ndipo palibe chimene ndasiya. Maola atatu aliwonse ndimawatulutsa Adona, kuwagoneka chagada pamiyendo panga, kuika tiana pabere kamodzikamodzi. Amaphupha, amandikanda, mikono yonseyi mabala okhaokha. Mkaka sutuluka, akuumana dala. Ndiye ndimawonjezera wa ng'ombe, wofunditsa, ndi sirinji. Botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo. Ubweya wauve umene amadzizula pamimba n'kuunjika m'bokosi ndinachotsa wonse, ndinayalamo thonje loyera. Sikelo ya kukhitchini m'mawa ndi madzulo, tchati pakhoma.

Nanga munthu achitenso chiyani?

Lachiwiri, 4 Juni

Katsala kamodzi. Kinako kapita cha m'ma 10, mimba itatupa ngati ya chule.

Bambo ati, “Azamba, bwanji mungowasiya? Kutchire amawagwirira ndani pabere?” Akunena ali pampando, wailesi pamimba. Munthu amene ana ake onse atatu anabadwa iye ali ku mpira. Ndawayankha kuti kutchire kulibenso amene amawerenga maliro. Akweza wailesi.

Akaluluwa sindinapemphe. Anabwera nawo mwana wanga woyamba, mwezi umene ndinapuma ntchito, wamkazi ndi wamphongo, m'katoni ya sopo. Ati, “Kuti muzipeza chochita, amayi.” Chochita! Ngati ndine wakhanda. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pa miyezi isanu, ine ndikupita kwake tsiku ndi tsiku kukamuyeza magazi ndi kumuona mapazi. Anandigulira akalulu kuti ndichoke pakhomo pake, basi. Nthawi itakwana anakachirira kuchipatala cholipira, m'manja mwa tiatsikana tongotuluka kumene kusukulu. Ine ndinamva pafoni, mwana atabadwa kale, atasambitsidwa kale, atavekedwa kale.

Chabwino. Ndinati ndiwaonetsa ndi akalulu omwewa.

Lachitatu, 5 Juni

Katha.

Kafera m'dzanja langa, mkaka ukutuluka m'mphuno. Ndinakapukuta, kukazondotsa, kukasisita pamsana ndi chala chimodzi, mpaka kukapumira m'kamwa. Mayi wamkulu ngati ine, kugwada pasimenti, kupumira kanthu kotalika ngati chala. Ndalira, inde. Osati chisoni. Mkwiyo.

Ndakwirira kuseri, m'mbali mwa mpanda, pomwe pali tinzake. Khumi ndi kamodzi tsopano pamenepo. Malo ofewa akutha, kwatsala pa miyala.

Adona ndawamana chakudya tsiku lonse. Aimve nawonso njala kuti imawawa bwanji. Madzulo bambo anakawaponyera kabichi mobisa, akuyesa sindikuona pawindo.

Loweruka, 8 Juni

Kwabwera akalipentala, amene anatikhomera khola. Nawonso amaweta akalulu kwawo, mzere wachiwiri kuchokera pano, ati makola khumi. Awaitana ndi bambo, ine osandiuza.

Aona tchati. Aona sikelo. Aona thonje. Akanda m'mutu ndi pensulo. Afunsa kuti ubweya unapita kuti. Ndati kudzala, kumene kumapita zauve. Ati ubweyawo ndiye bulangete la ana. Ndati bulangete la magazi ndi mkodzo, kwanu mumafunda lotero?

Kenako ati, “Amayi, kalulu amayamwitsa kamodzi patsiku, inu muli mtulo. Mphindi zisanu, watuluka. Masana sayandikirako dala.”

Ha! Mawu amenewo ndawamva zaka 32. “Ndamuyamwitsa usiku, azamba, inu mutatuluka.” Ukamuika mwanayo pasikelo, watsika. Mayi aliyense waulesi amayamwitsa nthawi imene palibe akumuona. Kamodzi patsiku! Cholengedwa chiti? Ngakhale nkhumba imagona pansi kangapo.

Ndawauza kuti iwo adziwe za misomali, za mabere andisiyire ine. Ndawonjezanso kuti chitseko cha khola lawo lomweli n'chokhota, chinakhota tsiku loyamba. Angoseka. Amwa tiyi wanga makapu awiri, ndi shuga masipuni atatuatatu, napita.

Mutu ukundiwawa mbali imodzi.

Lachitatu, 12 Juni

Andichitira upo amuna awiriwa.

Pochokera kumsika ndapeza Adona ali m'khola la wamphongo, zonse zatha kale, mwini khola wagona kumbali akupuma ngati wakwera phiri. Akalipentala ali kalikiliki kukhoma loko pachitseko cha Adona. Mkati bokosi latsopano, lotseka pamwamba, kabowo kamodzi kolowera. Chodyera ndi chomwera azikonza zothira uli panja, osatsegula. Kiyi m'thumba mwa bambo.

Ati ulendo uno tiyese njira ya eni ake. Akaswa, ine ndisagwire, ndisayeze, ndisatsegule, masiku khumi. Pakhomo panga pomwe, kundiikira loko ngati mwana wakuba shuga!

Ndavomera. Ndikanakana akanati ndikuopa. Koma nanenso ndaika langa lamulo, onse awiri akumva: tikafa tachitatuti, Adona alowa mumphika, ndipo ndipha ndekha. Bambo ati chabwino. Akalipentala amangotola misomali yawo pansi.

Masiku 31. Ndalemba pakalendala.

Lamlungu, 30 Juni

Kwa mwana wanga, titaweruka kutchalitchi. Ulendo wachitatu wokha chibadwire mdzukulu, ndipo kuchita kuyamba ndaimba foni ngati ndikukaonana ndi abwana.

Ndinapeza khanda lili mtulo. Ola limodzi. Awiri. Atatu. Achinayi akuyamba, mayi wake ali pafoni, kikiki. Ndinapirira mpaka kupirira kunatha. Ndinadzuka, kukamunyamula, kumukanda pang'ono kuphazi monga timachitira kuti mwana adzuke ayamwe. Analira mpaka kubanika. Mwana wanga anandilanda m'manja, ati, “Amayi, pano si ku wodi.” Mkamwini anangoyang'ana pansi, kenako n'kufunsa ngati andiitanire takisi. Takisi! Tiyi ndisanafike naye pakati.

Ndabwera wapansi, dala. Mapazi atupa.

Mwanayo ngonenepa, sindikana. Mwayi chabe.

Lachisanu, 12 Julayi

Adona ayamba. Udzu kukamwa ngati ndevu, kulowa m'bokosi, kutuluka, kulowanso. Masana kudzizula ubweya pamimba ndi pachifuwa, mpaka khungu kuonekera. Wina ukuuluka pabwalo ponse, wagwera ndi m'ndowa ya madzi akumwa. Manja akundiyabwa. Thonje lili m'kabati, paketi yosatsegula.

Kunja mphepo yozizira, yolowa m'mafupa. Ndapempha bambo kuti tiikemo botolo la madzi otentha lokha. Ati ayi. Ndati ndiye thaulo. Ati ayi. Munthu amene zaka 38 sanakanepo kanthu m'nyumba muno, lero waphunzira ayi chifukwa cha kakiyi kamodzi.

Loweruka, 13 Julayi

Aswa. Ndapeza timadontho ta magazi pawaya, Adona mimba yaphwa, ali pamwamba pa bokosi pamalo pawo pa masiku onse.

Bambo atsegula okha, ine atandiimika patali ngati wodwala chifuwa. Asuzumira. Ati, “Alipo, akugwedezeka. Seveni kapena eyiti.” Kapena! Ku wodi ukanena kuti ana abadwa seveni kapena eyiti, mawa lake ulibe ntchito. Magalasi anawasiya patebulo.

Ndafunsa ngati tayamwa. Ati sanatifunse.

Sindinaseke.

Lamlungu, 14 Julayi

Kutchalitchi sindinapite. Anandiletsa kugwira, sanandiletse kuona. Mpando wa kukhitchini, bulangete m'miyendo, kope ndi cholembera, pansi pa chingwe choyanikira zovala. Pamenepo khola lonse limaoneka.

6 koloko, Adona panja. 7, panja. 8, akudya. 9, atambalala. 10, akudya. 11, akunyambita phazi. Masana onse chimodzimodzi mpaka mdima. Maola 12. Kubowo kwa bokosi sanasuzumireko ngakhale kamodzi. Ngakhale kununkhiza!

Tinene kuti akalipentala akunena zoona, amalowa anthu atagona. Nanga khanda la tsiku limodzi likhale kuyambira m'mawa mpaka madzulo kukamwa kuli gwa? Shuga wa m'thupi amatsika, mwana amazizira, amafooka, kenako ngakhale umupatse bere sakoka. Izi si zomva kwa anthu. Ndaziona ndi maso awa.

Bambo andibweretsera tiyi cha m'ma 4. Ati, “Alonda, landirani.” Ndamwa chifukwa cha kuzizira, osati chifukwa ndawakhululukira.

Lolemba, 15 Julayi

Zii.

Toyamba tija tinkalira. Tachiwiri tinkalira, tsiii tsiii, mpaka kumveka kukhitchini. Iti ayi. Ndagunditsa khutu kuthabwa la kumbuyo, mpaka khosi kuuma. Palibe.

Mwana wolira sandiopsa. Wolira ali ndi mphamvu. Amene amandithamangitsa ndi wachete. Wodi ikangoti zii, umadziwa kuti pabedi lina pali nkhani. Ndawafotokozera bambo zimenezi bwinobwino, mwaulemu. Ati mwina tagona. Masiku awiri?

Koma Adona kudya! Chodyera ndadzaza kawiri, kawiri konse mbee. Botolo la madzi lomwe limatha masiku awiri latha tsiku limodzi. Ana akufa ndi njala kuseri kwa thabwa, mayi akunenepa. Ndinatenga kandodo, kulowetsa pawaya, kuwakankhira kubowo. Anadumphira kwina, n'kumenya phazi pansi, phaa, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Mwano weniweni. Bambo anandipezerera, alanda kandodo, akathyola pabondo.

Sitinayankhulane pa chakudya chamadzulo.

Lachiwiri, 16 Julayi

Ndinadzuka 5:30, kusanayere bwino, ndi tochi. Ndimati ndiwapezerere akuyamwitsa, ndigonje, nkhani ithe. Ndinafunadi kugonja, Mulungu ndi mboni. Ndapeza ali pamwamba pa bokosi, akudzinyambita pamimba. Ndiye kuyamwitsa kwake kumeneko?

Cha m'ma 8 foni. Msuweni wa bambo wamwalira, maliro mawa, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Abwera Lachinayi. Asananyamuke ndinawagwira malaya kuti atsegule. Atsegula, aunika, dzanja osalowetsa. Ati, “Ali bwino, ubweya ukugwedezeka.” Ndati ndi mphepo. Atseka.

Ndati siyani kiyi, kungachitike kanthu. Ati ali pamwamba pa kabati. Atapita ndakwera pampando, ndapapasa, fumbi lokhalokha. Ndagwedeza mathalauza onse, majekete, nsapato, ndi m'Baibulo momwe. Masana aimba ali m'basi, ati, “Musavutike kufuna, azamba, ali m'thumba mwangamu.” Akuseka. Munthu akupita kumaliro, akuseka.

Kwa akalipentala sindipita. Akandiuze chiyani, kuti matabwa amayamwitsa?

Tsiku lachinayi. Kope ladzaza mawu amodzi okhaokha: panja, panja, panja. M'bokosi zii. Ndikudziwa chimene chili mmenemo. Ndayamba kale kukumba pa miyala paja.

Lachitatu, 17 Julayi

Ndikulemba ndi dzanja lomanga bandeji. Ndilemba mwadongosolo monga lipoti, chifukwa ndikapanda kutero ndikuwa.

6 koloko ndatuluka. Pawaya, kunja kwa bokosi, pafupi ndi kabowo, kamwana. Kagona chammbali, kouma. Adona ali pamwamba, akutafuna udzu, kamwana kali pansi pa mphuno yawo.

Ndinati basi, ndi zimenezo. Kakwawa ndi njala kufuna mayi, kafera pakhomo, iye akuyang'ana. Ngati aka kamene kanali ndi mphamvu yokwawa kafa, ndiye tinzake tinatha kale. M'mutu munangoti ng'aa. Ndinakatenga hamala m'bokosi la zida la bambo. Loko sinavute, kumenya katatu zomangira zake zazuka ndi thabwa lomwe.

Ndalowetsa dzanja kuti nditenge kakufako. Adona anandilumphira. Sanachitepo chiyambire. Kulira kwina kwake kwa pakhosi, mano m'dzanja langa, apa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, osasiya. Ndinawakoka ndi makutu, kuwatulutsa. Hamala inali ikadali kudzanja linalo. Ndikukumbuka kuti ndinayankhula. Ndinati, “Wakufa ndiye ukumudziwa?” Kamodzi kokha, kuseri kwa makutu.

Anaphupha pang'ono. Basi.

Sindinamve chisoni. Ndilembe zoona. Ndinamva kupepuka. Ndinati lamulo ndinaika anthu awiri akumva. Ndinasamba bala pampopi, kumanga, kutenga pepala la nyuzi loti ndikulungiremo mitembo. Ndatulutsa bokosi, ndakanganula chivindikiro. Ubweya mulu, phee. Ndapisa dzanja.

Kutentha.

Ngati wapisa m'khwapa mwa munthu. Kenako chinthu chandigunda chala, china chandikwera padzanja. Ndakankha ubweya. Seveni. Tonse tamoyo, tounjikana, khungu losalala, lopanda khwinya ngakhale limodzi, tiubweya tayamba kale kumera. Mimba! Zozungulira, zolimba, mkaka ukuchita kuonekera mkati, woyera, kudutsa pakhungu. Zaka 32 ndikudziwa mimba ya mwana wokhuta. Tanga ta thonje tija sitinafikepo pamenepa ngakhale tsiku limodzi.

Ndatola kakufa kaja. Nakonso mimba yodzaza. Mkaka wouma pamlomo.

Ndinakhala pansi, padothi. Kaya nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinachita chinthu chimene sindidzauza munthu. Ndinamunyamula kaluluyo akadali wofunda, kumugoneka chagada pamiyendo panga, kuika tiana pabere. Tinagwira. Tinakoka. Kwa nthawi yoyamba wagona phee pamiyendo panga, osandikanda.

Tsiku lomwelo, madzulo

Ndapita. Nsalu kumutu, bokosi m'manja, iye m'thumba la pulasitiki. Mzere wachiwiri, geti la malata. Ndapeza akalipentala akupala thabwa. Sindinapereke moni wautali. Ndangotsegula thumba.

Anamutembenuza, kufinya bere limodzi ndi zala ziwiri. Mkaka. Anandiyang'ana dzanja la bandeji, anayang'ana m'bokosi. Bwenzi atanditukwana! Bwenzi atati ndinakuuzani! Ndikanapeza poyankha. Angoti, “Pepani, amayi.” Pepani wa chiyani? Wapha ndani?

Za kakufa kaja ati zimachitika. Kamakakamira bere mayi akamatuluka, n'kukokedwera kunja, ndiye kalulu sadziwa kunyamula mwana pakamwa ngati mphaka. Kamafa ndi kuzizira. Ati mwini khola ukadzuka msanga umangokatola, kukafunditsa, kukabwezera. Ndiye kuti ntchito yanga pa khola lonse lija inali yomweyo basi, kutola kamodzi. Ndipo loko ndi imene ikanandiletsa. Loko yawo! Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo. Ndinatsekanso.

Ali ndi wamkazi mmodzi amene anaswa Lachinayi lapitali, ana sikisi. Ati angalandire titatu, kupitirira apo mkaka suwakwana, tifa tonse, take ndi tanga. Titatu mwa seveni. Ati ndisankhe ine.

Ndinayamba kutola tating'ono. Ku wodi timatero, wofooka ndiye amayamba. Agwira dzanja langa. Ati, “Ayi, amayi, tatikulu. Tangati n'totsogola masiku awiri, tofooka tikankhidwa, mutaya pawiri.” Ndinafuna kutsutsa. Ndabweza tating'ono m'bokosi, ndapereka tonenepa titatu. Popanda sikelo, ndi dzanja basi. Atipaka ubweya wa m'chisa cha wawoyo kuti fungo lifanane, atilowetsa pansi pa tinzake. Wawoyo sanatembenuke n'komwe, amadya.

Tinayi ndabwera nato. Ati mkaka wa mbuzi ngati ndingaupeze, wa ng'ombe ayi. Kadontho kadontho pamlomo, osapopera, kamwana katakhala choimirira, osati chagada. Kawiri patsiku, osapitirira. Ndafunsa kuti timapulumuka? Ati, “Tina.” Ndafunsa tingati. Abwerera kuthabwa lawo.

Asanatenge thumba lija anazula ubweya wonse wotsala pamimba pake, n'kuuika m'bokosi mwanga. Nyama ndawauza adye ndi ana awo. Mumphika mwanga salowa.

Mkaka wa mbuzi ndaupeza kwa amayi ogulitsa mazira kuseri kwa msika, theka la botolo. Tayamwa pang'ono, tiwiri. Tiwiri tikukana, tikulavula.

Bambo aimba. Ati, “Alonda, odwala ali bwanji?” Ndati mudzaona mawa. Ndadula. Akanasiya kiyi. Akanangosiya kiyi bwenzi nditatsegula mwaulemu dzulo, bwenzi nditapisa dzanja, bwenzi. Mwana wanganso, ndani anamuuza kuti ndikufuna akalulu? Akalipentala nawo, nkhani yaikulu ngati imeneyo kuinena kamodzi kokha, akumwa tiyi, akuseka?

Ndawerenga zimene ndalemba pa 8 Juni. Ananena bwinobwino. Ndinalemba ndekha ndi dzanja langa.

Lachinayi, 18 Julayi

Bokosi ndinaliika kukhitchini, pampando, kutali ndi chitseko. Ndadzuka 4:30 kufunditsa mkaka kuti ukhale wokonzeka kukacha. Nyali ya pakhonde yokha, kuwala kolowera pawindo. Ubweya uli phee ngati dzulo. Ndakhala pansi ndi sirinji kudikira kuti kuyere.

Itatsala pang'ono 5, ubweya wayamba kutukuka. Sindinagwire, sindinapange phokoso. Kamutu kamodzi katuluka. Kena. Kena. Tonse tinayi takwera pamwamba pa ubweya, tokha, nthawi imodzi, ngati wina waliza belu. Maso osatsegula. Makosi tasolola, milomo m'mwamba, tonse kuloza kumodzi, kubowo kuja.

Tikudziwa nthawi. Masiku asanu okha padziko, tikudziwa nthawi yake. Ine ndinkafika 5:30 ndi tochi yanga.

Tadikira. Ndimayang'ana wotchi ya pakhoma, chizolowezi. Mphindi zitatu. Zisanu. Seveni. Kenako kulira kuja kwayamba, tsiii, tsiii, kumene ndinkakufuna masiku onsewa.

Ndalowetsa dzanja ndi sirinji pakabowo, kuti mwina tiyese kuti ndi mayi wawo. Tanunkhiza bandeji. Titatu tabwerera pansi pa ubweya.

Basi ya bambo ifika masana. Loko ili pakhonde ndi thabwa lake, sindinabise. Ndiwauza ndekha asanafunse, ndipo akangoti pepani ndiwaponyera kapu.

Mkaka wazizira, ndikafunditsenso. Kamodzi sikanabwerere. Kakang'ono pa tonse, kamene ndinayamba kukatola dzulo n'kukabweza. Kakadali pamwamba, khosi kasolola, kakungodikira.